Kuphunzira kuyendetsa thiraki ya ngolo: kodi masabata awiri ndi okwanira?

Funso: Ndili ndi zaka 24 ndipo ndakhala ndikuyendetsa galimoto yaing'ono kwa zaka zitatu. Ndikufuna kulowa ntchito yoyendetsa mathiraki onyamula katundu maulendo ataliatali. Sukulu ina yandilonjeza kuti m'masabata awiri ndidzakhala nditatenga laisensi. Kodi nthawi imeneyi ndi yokwanira? Ndiphunzire chiyani kwenikweni? Nanga ndidzayambira pati, poti makampani onse akufuna munthu wodziwa kale ntchito?

Yankho: Achimwene, masabata awiri akhoza kukwanira kuti mukhoze mayeso, koma sangakwanire kuti mukhale dalaivala wa thiraki. Laisensi imangochitira umboni kuti tsiku lina, woyesa atakhala pambali panu, munayendetsa thiraki yopanda katundu kwa kanthawi kochepa osalakwitsa kwambiri. Ntchito yeniyeni ili potsika mtsetse wautali matani 30 akukukankhani kumbuyo, polowetsa ngolo chambuyo pamalo othina usiku, ndiponso pokhala ndi mtima wouza abwana kuti lero thirakiyi sichoka pano mpaka makaniko ayione. Choncho kusukulu musapite ndi funso lakuti laisensi ituluka liti. Funsani kuti manja anu enieniwo adzagwira chiwongolero maola angati, pa thiraki yotani, yonyamula chiyani.

Masabata awiri a masiku asanu, maola 8 pa tsiku, ndi maola 80 okha, ndipo ambiri mwa maolawo mudzakhala m'kalasi kapena mukudikira anzanu. M'maiko ambiri a European Union, maphunziro oyambira a dalaivala wa ntchito, otchedwa CPC, ndi a maola 280, kapena 140 pa njira yachidule, ndipo amenewa ndi owonjezera pa laisensi. Pambuyo pake dalaivala amabwereranso m'kalasi maola 35 pa zaka zisanu zilizonse. Ku United States, kuyambira pa 7 February 2022, wofuna koyamba laisensi ya mathiraki, yotchedwa CDL, ayenera kudutsa kaye kwa mphunzitsi wolembetsedwa ndi boma. Ine ndimalangiza kuti musavomere maphunziro amene sakukupatsani maola osachepera 40 muli nokha pa chiwongolero cha thiraki ya ngolo, ndipo ena mwa maolawo ngolo ikhale ndi katundu.

Musanalipire khobidi lililonse, yambani mwaonana ndi dokotala. Pafupifupi kulikonse, woyendetsa galimoto zolemera amafunika kalata ya kuchipatala. Amayeza maso, makutu, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo amafunsa za khunyu ndi kukomoka. BP ndi shuga sizitseka khomo ngati muli pa mankhwala ndipo zakhazikika, koma khunyu nthawi zambiri limatseka. Ngati mumaliza mkonono kwambiri, kudzidzimuka usiku mukubanika, ndi kudzuka m'mawa muli wotopa, muwauze adokotala. Matenda obanika kutulo amachizika, koma akabisidwa amagonetsa munthu pa chiwongolero masana dzuwa likuswa mtengo.

Magulu a laisensi amasiyana mayina dziko ndi dziko, koma onse amayang'ana kulemera kwa galimoto ndi kukula kwa ngolo. Ku Ulaya thiraki ya ngolo imafuna CE, m'maiko ambiri a SADC ndi EC, ku United States ndi Class A. Malo ambiri amafunanso chilolezo chapadera cha woyendetsa galimoto ya malonda. Ku South Africa chimatchedwa PrDP, ndipo gulu lake lonyamula katundu woopsa limayambira pa zaka 25. Fufuzani ku ofesi yoona za pamsewu ya m'dziko lanu ngati mukuloledwa kulumpha kuchoka pa laisensi ya galimoto yaing'ono kupita pa ya ngolo, kapena muyenera kudzera pa ya lole yopanda ngolo. Samalaninso ndi galimoto yolembera mayeso: m'maiko ambiri, mukalembera pa thiraki yosintha yokha magiya, laisensi yanu imamangidwa pa zoterozo basi.

Sukulu muipite nokha, musaidziwe pa foni. Onani thiraki yophunzirira. Ngati matayala ake ndi operepeseka, nyali zina zakufa, mpweya ukumveka kutuluka injini itazima, dziwani kuti kumeneko mudzaphunzira kuzolowera zolakwika. Funsani kuti thiraki imodzi imagawanidwa ndi ophunzira angati. Akapitirira anayi, tsiku lanu lidzathera pamthunzi. Funsani ngati amaphunzitsa kulumikiza ndi kumasula ngolo, ngati amatuluka kupita kumisewu ya mapiri, ngati amayendetsako usiku, ndiponso zomwe zimachitika mukalephera mayeso. Maola amene mwagwirizana alembedwe papepala. Wina akakuuzani kuti laisensi ituluka popanda mayeso, kapena kuti mulipiretu ndalama kuti akupezereni ntchito, chokanipo. Laisensi yogula imaululika pa mphindi zisanu zoyambirira za mayeso a kampani.

Phunziro limene ndikufuna mulimvetse kuposa onse ndi mabuleki a mpweya, chifukwa apa ndi pomwe wozolowera galimoto yaing'ono amasokera. Pa galimoto yanu, phazi limakankha mafuta a mabuleki. Pa thiraki phazi limangotsegula valavu, ndipo ntchito imagwiridwa ndi mpweya wosungidwa m'mathanki. Kompuresa yoyendetsedwa ndi injini imapopa mpweya, air dryer imachotsa chinyezi, governor imaletsa kupopako mathanki akadzaza. Mukaponda buleki, mpweya umathamangira mu brake chamber ya tayala lililonse, n'kukankha kachitsulo kotchedwa pushrod, kameneka n'kutembenuza slack adjuster ndi S-cam, ndipo malaining'i amafinya dramu. Mathiraki atsopano ambiri ali ndi ma disc m'malo mwa madramu, koma njira ya mpweya ndi yomweyo. Handibuleki imagwira mosiyana: muli sipuling'i yaikulu yomwe mpweya umaipanikiza kuti matayala amasuke. Mpweya ukatha, sipuling'iyo imamanga matayala yokha, kaya muli pakati pa mlatho kapena pa njanji.

Kapangidwe kameneka kali ndi zotsatira zake. Mpweya umatenga pafupifupi theka la sekondi kuti ufike kumatayala akumbuyo, ndipo pa makilomita 80 pa ola, theka la sekondi ndi mamita 11 mabuleki asanayambe n'komwe kugwira. Kupondaponda buleki kumataya mpweya msanga kuposa momwe kompuresa ingabwezere. Madzi odikha m'mathanki amachititsa dzimbiri m'mavalavu, ndipo kumalo ozizira amaundana n'kutseka njira, n'chifukwa chake mathanki amakhetsedwa tsiku lililonse. Mukaona madzi ambiri kapena oyilo akutuluka, air dryer kapena kompuresa yatopa.

Kuyesa mabuleki muphunzire mpaka muzichita osaganiza. Imikani pamalo osatsetsereka, tsekerani matayala ndi zipika, dzazani mpweya mpaka governor idule. Pa mathiraki a kapangidwe ka ku America imadula pakati pa 120 ndi 135 psi, pomwe ambiri a ku Ulaya amakwera mpaka 10 kapena 12 bar (psi ndi bar ndi miyezo ya mphamvu ya mpweya pa geji), choncho werengani buku la thiraki yanuyo. Zimitsani injini, siyani kiyi ali woyatsa, masulani handibuleki ya hosi, womwe ndi mutu wa thiraki wokoka ngolo, ndi ya ngoloyo, dikirani muvi wa geji ukhazikike. Pa mphindi imodzi, thiraki ya ngolo isataye mpweya woposa 3 psi. Kenako pondani buleki mwamphamvu, muvi ukatsika n'kukhazikika muwerenge mphindi ina imodzi phazi lili pomwepo: isataye woposa 4 psi, pafupifupi 0.3 bar. Mukatero yambani kupondaponda kuti mpweya utsike. Nyali yofiira ndi belu lochenjeza ziyenera kuyamba mpweya uli cha pa 60 psi, pafupifupi 4 bar. Pitirizani mpaka mabuleki a sipuling'i amange okha, zomwe pa mathiraki ambiri zimachitika pakati pa 20 ndi 45 psi. Lizani injini, muikweze ngati ikugwira ntchito, ndipo mpweya ukwere kuchoka pa 85 kufika 100 psi pasanathe masekondi 45. Pomaliza chotsani zipika, yesani kukoka pang'ono handibuleki ili yomanga, kenako yendani liwiro la munthu wapansi n'kuponda buleki kuti mumve ngati thiraki ikukokera mbali imodzi.

Pansi pa thiraki, slack adjuster imene ikusuntha kupitirira mamilimita 25 mukaikoka ndi dzanja ikufunika makaniko. Pa chamber wamba ya Type 30, pushrod ikamatuluka kupitirira mamilimita 51 poponda buleki, tayala limenelo latsala pang'ono kusiya kumanga. Mathiraki ambiri masiku ano ali ndi ma slack adjuster odzikonza okha. Yoteroyo ikamasuka ndiye kuti yawonongeka kapena china chake chadyeka, ndipo kuimangamanga ndi sipanala n'kubisa vuto chabe. Chinthu chimodzi musadzayese: kutsegula chamber ya sipuling'i. Mphamvu ya sipuling'i imeneyo imapha munthu pomwepo.

Zonsezi zimaonekera pa mtsetse. Thiraki ya matani 40 ikatsika phiri lotalika mamita 100, mphamvu yofunika kuigwira, itasanduka kutentha, ikhoza kufikitsa powira malita oposa 100 a madzi ozizira. Mukasiyira mabuleki okha ntchito imeneyi, dramu imatentha n'kufutukuka, malaining'i amasiya kuluma, pushrod imafika pamapeto pake. Pamenepo phazi lili pansi, geji ikuonetsa mpweya wokwanira, koma thiraki ikuonjezerabe liwiro. Izi ndi zomwe anthu amati mabuleki aduka, ngakhale palibe chaduka. Giya yotsikira imasankhidwa musanayambe kutsika, osati pakati pa phiri. Akale ankati tsikani ndi giya yomwe munakwerera. Mathiraki a lero ali ndi mphamvu zambiri pokwera, choncho tsikani ndi giya yapansi kuposa yomwe munakwerera. Yatsani engine brake kapena retarder, zida zochepetsa liwiro osaponda buleki, ndipo injini izizungulira pamwamba, cha m'ma 2,000 pa mphindi (rpm) koma osakhudza mzere wofiira, chifukwa ndi pamene imagwira bwino. Liwiro likafika pomwe mwadziikira, pondani buleki molimba kwa masekondi pafupifupi atatu mpaka litsike ndi makilomita 8 pa ola, kenako chotsani phazi kuti madramu apume. Kukhalitsa phazi pa buleki mopepuka njira yonse ndi kumene kumawotcha.

Musadzatsike phiri pa neutral pofuna kusunga dizilo. Injini imasiya kugwira thiraki, kompuresa imapopa pang'onopang'ono, ndipo liwiro likakwera giya imakana kulowanso. Mukaona njira yothawirako ya mchenga kapena miyala pambali pa mtsetse ndipo mabuleki afooka, loweranimo msanga; thiraki imakonzeka. Retarder nayo ili ndi ngozi yake: imagwira matayala okoka okha, moti pa msewu woterera, makamaka ngolo ili yopanda kanthu, matayalawo amatha kutsetsereka, ngolo n'kukankha hosi cham'mbali mpaka zipindane. Mvula ikagwa, ichepetseni kapena muizime.

Kuzungulira thiraki m'mawa kuzikhala ndi dongosolo limodzi tsiku lililonse, kuti diso lizolowere ndi kuona msanga chomwe chasintha. Yambani mukadali patali: kodi yapendekeka, kodi pansi padontha kanthu? Onani oyilo, madzi a injini, malamba a injini, ndi kapu yolekanitsa madzi ndi dizilo. Chivindikiro cha madzi musatsegule injini ili yamoto. Matayala amayezedwa ndi geji ali ozizira, osati ndi chidendene. Ambiri amafuna pakati pa 7 ndi 9 bar malinga ndi kukula kwake ndi katundu. Pa matayala ophatikiza awiriawiri, lina likaphwa linzake limasenza zonse, limatentha, n'kuphulika kapena kuyaka. Chotsani miyala yopanikizika pakati pawo. Tayala lakutsogolo mapanga ake akatsika kufika mamilimita atatu, ine sindilidaliranso, ngakhale lamulo la dziko lina litalola. Manati omasuka amadziulula ndi timizere ta dzimbiri kapena kunyezimira kuzungulira nati. Tayala likasinthidwa, manati amangidwenso ndi torque wrench mutayenda makilomita 50 mpaka 100. Pa mawilo ambiri a manati khumi, mphamvu yomangira ndi cha m'ma 600 Nm. Onaninso masipuling'i, ma U-bolt, nyali zonse, magalasi, chozimira moto ndi ma triangle. Ngati thiraki imagwiritsa ntchito AdBlue, madzi oyeretsa utsi wa injini, thanki yake ndi ya chivindikiro cha buluu, ndipo madzi amenewa akalowa mu thanki ya dizilo musalize injini, chifukwa amawononga pampu ndi ma injector. Chilichonse cholakwika chilembeni m'buku. Zonena pakamwa zimaiwalika, ndipo tsiku la ngozi mlandu umagwera dalaivala.

Kulumikiza ngolo kumapha anthu pabwalo, thiraki isanatuluke n'komwe pageti. Ngolo ikhale yomangidwa mabuleki ake kapena yotsekeredwa ndi zipika. Fifth wheel, chimbale chachitsulo cha pa hosi pomwe ngolo imakolekedwa, ikhale ndi girisi, nsagwada zake zili zotsegula. Bwezani hosi molunjika mpaka itatsala pang'ono kukhudza ngolo, tsikani mukaone msinkhu: ngolo ikhale yotsikirapo pang'ono kuti fifth wheel iinyamule polowa. Ikakwera kwambiri, kingpin, chitsulo cha pansi pa ngolo cholowa mu fifth wheel, imadumpha nsagwada, ndipo ngolo imagunda kumbuyo kwa kabu kapena imaoneka ngati yagwira pomwe sinagwire. Lowani pang'onopang'ono mpaka mumve kulira kwa loko, kenako kokani kutsogolo kawiri ndi giya yotsika mabuleki a ngolo ali omanga. Mangani handibuleki ya hosi musanatsike. Ichi ndikuchibwereza: mangani handibuleki ya hosi, chifukwa mukalumikiza payipi yofiira mabuleki a ngolo amatha kumasuka, ndipo thiraki yonse imayamba kuyenda inu muli pakati. Yang'anani ndi tochi kuti nsagwada zatseka khosi la kingpin, palibe mpata pakati pa fifth wheel ndi ngolo, ndipo chogwirira chalowa ndi kutsekedwa ndi kaloko kake. Payipi yofiira ndi yodzaza mathanki a ngolo. Inayo, yachikasu ku Ulaya kapena yabuluu ku America, ndi yonyamula lamulo la phazi lanu. Lumikizani nthambo za magetsi ndi za ABS, kwezani miyendo ya ngolo mpaka pamwamba, kolekani chopukusira chake. Pomasula, miyendo imatsika kaye pa nthaka yolimba loko isanatsegulidwe.

Za magiya sinditaya nthawi yambiri, chifukwa zimabwera ndi kuzolowera. Magiyabokosi a Eaton Fuller a magiya 10, 13 kapena 18 amafuna kuponda kilatchi kawiri ndi kufananitsa kuzungulira kwa injini ndi liwiro. A ZF a magiya 16 amalowa mosavuta koma muyenera kumvetsa range, yosankha magiya apansi kapena apamwamba, ndi splitter, yogawa giya iliyonse pawiri. Volvo I-Shift, Scania Opticruise ndi Mercedes PowerShift amasintha okha, komabe pa mtsetse, m'matope ndi polumikiza ngolo muyenera kudziwa kuwalamula ndi dzanja. Ngati mpata ulipo, phunzirani pa ya kilatchi, chifukwa wodziwa imeneyo savutika pa inayo. Pa msewu wabwino sungani muvi mu gawo lobiriwira, cha pakati pa 1,100 ndi 1,500 rpm, ndipo mukafika mutayenda ulendo wolemetsa, injini ilire kaye mphindi ziwiri kapena zitatu kuti turbo izizire musanazime.

Pokhota, matayala a ngolo satsata mapazi a hosi, amadula mkati. Ngolo ikatalika, kudulako kumakulanso. Mumalowa ndi mutu patsogolo ndithu musanapinde chiwongolero, diso lili pa galasi la mbali yomwe mukukhotera. Wanjinga kapena wapansi amene waima pambali pa ngolo mbali yopanda dalaivala ndiye amaphedwa kawirikawiri m'matauni, chifukwa malo amenewo, pamodzi ndi kutsogolo kwenikweni kwa kabu ndi kumbuyo kwa ngolo, saoneka bwino. Musasiye mpata woti wina alowerepo pakati pa inu ndi m'mphepete mwa msewu. Pobwerera m'mbuyo, ngolo imapita mbali yosiyana ndi komwe mwapindira chiwongolero. Gwirani chiwongolero kunsi kwake, ndipo komwe dzanja lapita ndi komwe kumbuyo kwa ngolo kudzapite. Pindani pang'ono, bwezani msanga. Ophunzira ambiri amapinda kwambiri n'kuchedwa kubweza. Konzani malo oyambira kuti ngolo ikhotere mbali yanu, komwe mukuiona pawindo. Mukakayika, imani, tsikani, kaoneni ndi maso. Wokuthandizani akasowa pa galasi, imani nthawi yomweyo. Pa maola anu ophunzira, limodzi mwa magawo atatu lithere pa kubwerera m'mbuyo, chifukwa ngozi zing'onozing'ono zochotsetsa ntchito madalaivala atsopano zimachitikira m'mabwalo opakira katundu.

Pa msewu, siyani sekondi imodzi pa mamita atatu aliwonse a kutalika kwa thiraki yanu, ndipo muonjezere imodzi mukapitirira makilomita 65 pa ola. Pa liwiro loterolo, thiraki ya mamita 18 imafuna masekondi 7, ndipo kukagwa mvula onjezerani kwambiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womangira mabuleki umawirikiza kanayi. Thiraki yodzaza ikhoza kugwa chammbali pa liwiro lomwe galimoto yaing'ono singamve kanthu, makamaka pa roundabout ndi potuluka mumsewu waukulu, ndipo ngolo imayamba kunyamuka inu m'kabu musanamve chilichonse. Liwiro lolembedwa pa chikwangwani cha pokhota litengeni ngati la galimoto zazing'ono. Buleki imapondedwa musanalowe pokhota. Thanki ya zamadzi yosadzaza ndi yoopsa kuposa yodzaza, poti madziwo amakhavukira kutsogolo ndi m'mbali.

Katundu, ngakhale apakire ena, pamsewu ndi wanu. Malire a kulemera amasiyana: matani 40 ku Ulaya pa thiraki wamba ya ngolo, mapaundi 80,000 ku United States omwe ndi matani 36 ndi pang'ono, mpaka matani 56 m'maiko ambiri a kum'mwera kwa Africa pa thiraki ya ma axle okwanira. Koma pa sikelo amayeza axle iliyonse kapena gulu lililonse, moti mukhoza kukhala pansi pa malire a thiraki yonse n'kugwidwabe chifukwa katundu waunjikana malo amodzi. Wolemera akhale pansi, pakati, ndi wogawika mofanana mbali zonse. Malamulo a ku Ulaya ndi a ku America amagwirizana kuti zomangira zipirire mphamvu yokwana 0.8 ya kulemera kwa katundu chakutsogolo, ndi 0.5 chakumbuyo ndi m'mbali. Ndiye kuti katundu wa matani 20 amakankha ngati matani 16 mukamanga mabuleki mwadzidzidzi. Musasiye mpata pakati pa katundu ndi chitsulo chakutsogolo kwa ngolo. Ngati mpata ulipo, utsekeni. Lamba aliyense ali ndi kachikwangwani konena mphamvu yake, ndipo wong'ambika, womangidwa mfundo kapena wopanda kachikwangwaniko sawerengedwa. Lamba wodutsa pamwamba pa katundu amapanikiza bwino akakhala choimirira. Akagona mpaka madigiri 30, mphamvu yopanikiza imatsika ndi theka. Zitsulo ndi makina zimafuna matcheni. Pa kontena onani ma twist lock onse anayi, maloko omangira kontena ku ngolo, ndi nambala ya seal ngati ikufanana ndi ya pa mapepala. Imani muonenso zomangira musanapitirire makilomita 80 oyambirira, kenako pa maola atatu kapena makilomita 240 aliwonse, chifukwa katundu amakhazikika malamba n'kumasuka. Dziwaninso msinkhu wa thiraki yanu ndi katundu wake, muulembe pomwe maso akuona, milatho isanakuuzeni.

Tulo sitiphunzitsidwa mokwanira m'masukulu ambiri, koma timapha madalaivala odziwa ntchito. Lamulo la European Union limalola maola 9 oyendetsa pa tsiku, kupuma mphindi 45 pakatha maola anayi ndi theka, maola 56 pa sabata, ndi 90 pa masabata awiri. Ku United States ndi maola 11 oyendetsa mkati mwa maola 14, munthu atapuma maola 10. Ngakhale komwe lamulo silitsatidwa kwenikweni, thupi ndi lomwelo, choncho manambalawa muwatenge ngati anu. Munthu amene wakhala maso maola 17 amayendetsa ngati yemwe ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Kusinza kwa masekondi anayi pa makilomita 80 pa ola ndi mamita pafupifupi 90 opanda woyendetsa. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko m'bandakucha, ndi masana mutangodya. Kuyasamula pafupipafupi, kusakumbukira makilomita omwe mwangodutsa, ndi kuponda mzere wa m'mphepete ndi zizindikiro zoti muime. Kutsegula windo ndi kukweza wailesi sizithandiza. Chothandiza ndi kugona mphindi 20 pamalo otetezeka. Mapiritsi ochotsa tulo amangobisa kutopa mpaka thupi lizime lokha.

Tsopano za ntchito yoyamba. Makampani safuna zaka ziwiri za luso chifukwa cha nkhanza. A inshuwalansi ndi amene kawirikawiri amaika malire amenewa, poti hosi, ngolo ndi katundu ndi chuma chambiri. Khomo lolowera lilipo koma ndi laling'ono. Ena amayamba pa lole yopanda ngolo yogawa katundu m'tauni, komwe amaphunzira magalasi, malo othina ndi mapepala. Ena amayamba ndi kusuntha ngolo pabwalo la kampani, ntchito yomwe imaphunzitsa kulumikiza ndi kubwerera m'mbuyo kuposa sukulu iliyonse. Njira yabwino koposa ndi kukhala dalaivala wachiwiri pambali pa wamkulu wodekha kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Malipiro ake ndi ochepa, koma muzitenge ngati gawo lachiwiri la sukulu. Sungani kabuku kolembamo tsiku, mtundu wa thiraki, katundu, njira ndi makilomita omwe mwayendetsa, ndipo wamkuluyo kapena woyang'anira azisainira. Kabuku kameneka ndi kalata ya kampani ndi zomwe zidzakulankhulireni. Onjezerani satifiketi ya defensive driving ndi ya chithandizo choyamba, konzeranitu pasipoti ngati mukufuna zodutsa malire a maiko, ndipo maphunziro a katundu woopsa muwasiyire mtsogolo mukadzakhazikika.

Kampani ikadzipereka kukuphunzitsani kuti mudzaigwirire ntchito, werengani mgwirizano wonse musanasaine: mudzamangika zaka zingati, mudzabweza zingati mukachoka msanga, nanga akakuchotsani okha ngongoleyo ikhalapobe? Funsaninso momwe amalipirira. Malipiro a pa ulendo kapena pa kilomita okha amakankhira munthu ku liwiro ndi kusagona. Dziwani amene amalipira chindapusa cha pa sikelo, tayala lophulika ndi dizilo wosowa, ndiponso ngati masiku odikira pamalire kapena podikira katundu amawerengedwa.

Tsiku la mayeso a kampani, woyesa amayamba kukuonani musanalize injini. Amaona ngati mwazungulira thiraki osauzidwa, ngati mwakwera mutayang'ana kabu manja awiri ndi phazi limodzi zili zogwira, ngati mwakonza mpando ndi magalasi, mwamanga lamba, ndi kudikira mpweya kuti udzaze. Nthawi zina amasiya dala nyali yakufa, payipi yosalumikiza bwino kapena kaloko ka fifth wheel kosatseka, kuti aone ngati muzipeza. Mukapeza cholakwika chinenani, ndipo ngati chikukhudza mabuleki, chiwongolero, matayala kapena cholumikizira ngolo, kanani kunyamuka mpaka chikonzedwe. Akakuuzani kuti mulowetse ngolo pakati pa zina ziwiri, tsikani mukaone malowo kaye, ndipo ikayamba kupatuka, pitani kutsogolo muwongole n'kuyambiranso. Pa zimenezo sachotsa mamalikisi ambiri, koma mukakhudza ngolo ya pambali mayeso athera pomwepo.